Burashi Yometera ya Ababa

Ababa anameta anthu zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezo sindinawaonepo ndi ndevu ngakhale za tsiku limodzi. Ankadzimeta m'mawa uliwonse asanamwe tiyi, kenako n'kutenga chikwama chawo kupita kukatsegula kachipinda kawo kometera ka mipando iwiri.

Sitiroko inawagwira Lachiwiri masana ali pa ntchito. Anali atangopaka thovu kasitomala tsaya limodzi pamene dzanja lawo lamanja linangoti lende, iwo n'kutsetsereka mpaka pansi. Atatuluka m'chipatala tinawatengera kwathu, poti Amayi anatisiya kale ndipo Ababa sakanatha kukhala okha.

Mwendo unabwerera msanga ndithu. Pakutha pa mwezi ankayenda ndi ndodo kuchoka pa bedi kufika pa mpando wa pabalaza. Koma dzanja lamanja linangokhala pa ntchafu ngati la munthu wina, ndipo pakamwa panapindikira mbali imodzi. Masabata oyamba ankayesa kulankhula. Mawu ankatuluka ophwanyikaphwanyika, malovu n'kumatsika, ife n'kumangoti, "Mwati bwanji, Ababa?" Tsiku lina nditafunsa choncho kachitatu, anandiyang'ana nthawi yaitali natseka pakamwa. Kuyambira pamenepo ankangogwedeza mutu kapena kuloza ndi chala chakumanzere.

Mayi wa mafizo, wolimbitsa ziwalo kuchipatala, anatipatsa kampira kofewa koti Ababa azikafinya ndi dzanja lodwalalo. Ababa ankakalandira mwaulemu, ine ndikangotembenuka iwo n'kukataya kuti kagubuduke kukalowa kunsi kwa kabati. Ndinakatulutsako ndi tsache mpaka ndinatopa.

Ndevu zinamera, zoyera mbuu, zothithikana mpaka m'khosi. Amuna anga, omwe ndi makaniko wa magalimoto, anabwera ndi mashini ometera a magetsi.

"Apongozi, ndikupalekoni pang'ono. Mphindi ziwiri zokha."

Ababa anawaloza pamimba ndi nsonga ya ndodo n'kuwakankha.

"Aa, basi, ndamva," anatero amuna anga akubwerera chafutambuyo. Atafika kukhitchini anandinong'oneza kuti, "Madalawa mphamvu ali nazo. Mtima ndi umene wakhala pansi."

Patatha miyezi itatu, mnzawo wa Ababa amene ankameta pa mpando wachiwiri anabweretsa katoni ya zinthu zawo. Munali zipeso, masizasi, malumo awiri opinda, lamba wonolera ndi kambale ka chitsulo kopangiramo thovu. Pansi penipeni panali jumbo lomangidwa mfundo. Nditalimasula, fungo linandimenya m'mphuno. Inali burashi ya Ababa, imene tsiku la ngoziyo wina anangoitola pansi ili ndi thovu lake n'kuiponya m'jumbomo. Ubweya unali utaumbika pamodzi, wouma gwa ngati chisonga, ndipo m'tsinde munali mutachita chuku chobiriwira.

Burashi imeneyo ndinaipeza ilipo pobadwa. Chigwiriro chake chinali cha mtengo wakuda, chosalala, ndipo mbali imodzi chinali chitadyeka pamene pankakhala chala chachikulu cha Ababa.

"Taya icho, chingatidwalitse," anatero amuna anga.

Sindinataye. Ine ndimagwira ntchito yochapa pa hotela ina, tsiku lonse pakati pa nthunzi, mathaulo ndi nsalu za pabedi. Palibe litsiro limene linandigonjetsapo, ndipo mankhwala anga ndi amodzi: madzi owira. Loweruka m'mawa, amuna anga atapita ku garaja, ndinaika burashi ija m'beseni, ndinatereka ketulo, itawira n'kuinyamula. Chitseko cha kukhitchini chinali chotsegula, ndipo Ababa anali pa mpando wawo pabalaza.

Nditangopendeka ketulo ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ayi!"

Ndinatsala pang'ono kudziwotcha mapazi. Ndinacheuka. Ababa anali ataimirira, ndodo ili m'dzanja, maso ali pa beseni.

"Ababa, mwalankhula?"

Sanandisamale n'komwe. Anayenda mpaka pakhomo la khitchini, nalimbana ndi milomo yawo kwa kanthawi.

"O... fu... nda."

"Madzi ofunda?"

Anagwedeza mutu. Ndinaika ketulo pansi. Ndinkafuna kulira, kuwakumbatira, kuimbira foni abale onse, koma nkhope yawo inali ya munthu amene ali pa ntchito, choncho ndinangowakokera mpando n'kusakaniza madzi otentha ndi ozizira. Anandigwira mkono, naviika mkati mwa dzanja langa m'madzimo, pamene timayesera mkaka wa mwana. Anali otenthabe. Ndinawonjezera ozizira kawiri asanavomere.

Analoza sopo wotsukira mbale, nandionetsa ndi nsonga ya chala kuti kadontho kokha. Ndinayamba kutikita ubweya uja. Nthawi yomweyo ndodo inagunda pansi. Anandionetsa ndi dzanja lamanzere m'mwamba: zala zizilowa pang'onopang'ono, kuchokera ku tsinde kupita ku nsonga, ngati ukupesa mwana wa tsitsi lopotana. Madzi anada bii. Tinasintha kanayi. Ubweya unayamba kumasuka, koma m'kati munatsalabe zoyera zolimba za sopo wakale.

"Vi... nya," anatero Ababa.

"Ndifinye?" Ndinagwira ubweya uja n'kuyamba kupotokola monga ndimachitira ndi thaulo.

Ndodo inagunda pansi katatu, mwamphamvu moti mbale zinalira pa shelefu.

"Vi! Ni! Ga!"

"Oo, viniga! Pepani, Ababa."

Anapumira m'mwamba, napukusa mutu ngati akudandaula kuti anabala mwana wotani. Ndinaseka misozi ili m'maso. Tinathira masupuni awiri a viniga m'kapu ya madzi ofunda, n'kuimika burashi kuti ubweya wokha ulowe, chigwiriro chikhale kunja. Patatha mphindi khumi ndinaitsukuluza. Zoyera zija zinachoka, fungo linatha, ndipo ubweya unatambasuka bwinobwino, wotuwa m'tsinde, woyera ku nsonga.

Ababa anapanga chizindikiro choti ndikutumule madzi. Ine ndi chimwemwe changa ndinakutumula ndi mkono wonse, momwe timakutumulira nsalu tisanayanike. Ndinangomva kuti phwa. M'dzanja munatsala chigwiriro chokha. Mtolo wonse wa ubweya unauluka, unagunda khoma, n'kugwera kuseri kwa ndowa.

Ababa anayang'ana chigwiriro chopanda kanthucho, kenako anayang'ana dzanja lawo lamanja. Anadzuka, nalowa kuchipinda kwawo n'kutseka chitseko. Chakudya chamasana sanachikhudze.

Amuna anga anandipeza nditakhala pansi m'khitchini, zidutswa ziwiri zija zili pa miyendo.

"Ndawapha kachiwiri," ndinatero. "Analankhula, inu! Mawu atatu. Ndiye ine ndi manja angawa..."

Amuna anga anatenga mtolo uja nautembenuzatembenuza. Ubweya wonse unali wogwirana pa katsinde kolimba ngati batani lalikulu. Anasuzumira m'bowo la chigwiriro, nakanda ndi chikhadabo.

"Si iwe wathyola. Guluu uyu anafumbwa kalekale ndi chinyontho cha m'jumbo muja. Ichi n'chosavuta kuposa kumata radiyeta."

Anapala guluu wakale yense ndi kasukuludiraiva, nakwecha m'bowomo ndi sandipepa. Anati tisamate zinthu zonyowa, choncho tinaziyanika pa windo masiku awiri. Masiku awiri amenewo Ababa sanatuluke kuchipinda koma popita kubafa.

Lolemba madzulo amuna anga anabwera ndi guluu wa machubu awiri, uja amasakaniza. Anayala nyuzipepala pa tebulo, nakagogoda kwa Ababa.

"Apongozi, ndabwera kudzapempha nzeru. Ine za magalimoto ndimazidziwa, koma izi ndiwononga. Mtolowu ulowe mwakuya bwanji? Ndikaulowetsa kwambiri burashi iuma ngati ya nsapato, ndikausiya pamwamba ikhala lende ngati mchira. Guluuyu akagwira wagwira, palibe kubweza."

Kenako tinamva ndodo.

Ababa anakhala pa tebulo. Amuna anga anasakaniza guluu ndi kamtengo ka machesi, napaka m'bowo, naimika chigwiriro pa nyuzipepala. Ababa anatenga mtolo ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kuulowetsa, koma chigwiriro chinkapendama uku ndi uku.

"Ine manja anga ali guluu yekhayekha," anatero amuna anga atawakweza m'mwamba. "Ndikagwira ndimatirira pomwepo."

Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire. Amuna anga anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, mwamphamvu. Ndinabweza dzanja.

"Mphindi zisanu zokha, apongozi, kenako auma."

Ababa anatiyang'ana tonse awiri. Ndikhulupirira anadziwa zimene tinkachita. Anasiya mtolo uja, nanyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, naliika mozungulira chigwiriro. Zala zinangokhala tambalala. Anaziyang'anitsitsa, mtsempha wa pachipumi utatupa. Chala chachikulu chinasuntha, chinafufuza, chinapeza malo ake odyeka aja. Kenako zinazo zinapindika, chimodzichimodzi, ngati zikudzuka ku tulo. Chigwiriro chinaima. Ndi dzanja lamanzere analowetsa mtolo, naukweza pang'ono, naupendeketsa kuti uwongoke, n'kuugwira pomwepo.

Thukuta linatsika m'ndevu zawo n'kudonthera pa nyuzipepala. Amuna anga ankayang'ana wotchi.

"Zakwana."

Ababa anachotsa dzanja lamanzere. Lamanja linakana kumasuka, mpaka ndinachita kutambasula zala ndine.

"Taonani," anatero amuna anga, "poyamba silinkagwira, pano silikusiya. Apongozi, dzanja limeneli ndi la wapolisi."

Ababa anaseka. Kunali kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, koma kunali kuseka.

Tinadikira tsiku lathunthu kuti guluu akhwime. Lachitatu m'mawa ndisanapite ku ntchito, Ababa anandiitana ndi ndodo, nalozera kambale ka chitsulo ndi sopo wometera. Ndinaviika burashi m'madzi ofunda, n'kuyamba kuzungulitsa pa sopo nditaikanikiza mpaka ubweya unaphwatalala.

"Usa... kanikize. Nso... nga."

Ndinapepuza dzanja. Thovu linatuluka lamadzimadzi, la matuza akuluakulu ngati la m'beseni lochapira. Ababa anatseka maso ngati apwetekedwa. Analanda burashi ndi dzanja lamanzere, naika kambale m'dzanja lamanja, nayamba okha. Kambale kanagwa kawiri. Kachitatu sikanagwe, ndipo thovu linakwera loyera, losalala, lolimba moti linaima nsonga.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse munali thovu m'nyumba mwathu, ngakhale panalibe wometedwa. Patatha masabata atatu anasinthanitsa manja: kambale kumanzere, burashi kumanja. Poyamba ankazungulitsa ndi phewa lonse, thovu n'kumawazikira pa khoma ndi pa malaya. Kenako chigongono chinayamba kugwira ntchito, pambuyo pake mfundo ya dzanja.

Akamaliza, ntchito yosamala burashi inali yanga, iwo ali chilili kumbuyo kwanga ngati kapitawo. Kuitsukuluza m'madzi ofunda mpaka madzi atuluke oyera, chifukwa sopo wotsalira m'tsinde ndi amene amadula ubweya. Kuikutumula katatu ndi dzanja lokha, osati mkono. Kuipukuta pa thaulo mopepuka ngati ukupenta. Kenako kuipachika chozondoka pafupi ndi windo, pa kawaya kamene amuna anga anapinda, kuti madzi asatsikire ku guluu. Tsiku lina ndikukonza m'nyumba ndinaiika m'kabati ya kubafa ikadali yonyowa n'kutseka. Madzulo ake ndinalandira chiganizo choyamba chathunthu kuchokera pamene anadwala.

"Iwe, ukufuna ichitenso chuku?"

Mawu a Ababa anabwerera kudzera m'kudzudzula. Ndinayamba kulakwitsa dala. Ndinkatenga madzi otentha kwambiri, kapena kunamizira kuti ndikupotokola ubweya, kuti ndingomva akukalipa. Anandigwira msanga.

"Wayamba dala," anatero. "Ndakuona."

"Ndiye muzitsuka nokha, Ababa."

"Patsa kuno."

Tsiku la mafizo tinanyamula burashi ndi kambale. Mayi wa mafizo anaonerera Ababa akupanga thovu pa tebulo lake, nawagwira mfundo ya dzanja kuti amve mmene ikuyendera. Anafunsa za kampira kaja.

"Kali kunsi kwa kabati," ndinayankha.

"Kasiyeni komweko. Agogo, izi muzichita kawiri pa tsiku."

"Kamodzi," anatero Ababa. "Burashi iyenera kuuma."

Tsiku lotsatira amuna anga anawagulira burashi yachiwiri ya wamba yoti azisinthanitsa. Ababa anainunkhiza, naipinda ndi chala, nati ndi yopakira polishi. Koma ankaigwiritsa ntchito madzulo.

Ndevu zawo zinachoka mwezi wachisanu. Anandiuza okha kuti nditenge sizasi ndizifupikitse. Anadzipaka thovu atayang'ana pa galasi, nthawi yaitali, burashi ikuzungulira m'masaya. Lumo lopinda sanalikhudze. Anandipatsa kometera ka lezala kuti ndiwamete ine. Ndinawacheka pawiri, pachibwano ndi kunsi kwa khutu.

"Manja a wochapa," anatero akudziika kapepala pa bala. Koma anayang'ana nkhope yawo pa galasi, naisisita, ndipo ndinaona kuti aipeza.

Sabata yomweyo anatuma amuna anga mabaluni. Ankafufumitsa baluni ndi pampu ya njinga, n'kuipaka thovu, n'kumaimeta ndi lumo lopinda. Anati ndi mmene anaphunzirira ali mnyamata. Baluni yoyamba inaphulika lumo litangoikhudza, thovu n'kudzaza nkhope yawo ndi katani. Mayi woyandikana nafe nyumba anathamangira kudzafunsa ngati taphulitsa babu. Ababa anaphulitsa mabaluni khumi ndi anayi m'masabata atatu. Kenako tsiku lina ndikuchokera ku ntchito ndinapeza baluni yofiira ili pa tebulo, yoyera bwino, yosaphulika. Mawa lake inanso. Mkuja inanso.

Amuna anga anasiya kumeta. Ndinawafunsa kuti ndevuzo n'zachiyani.

"Ndikusungira apongozi."

"Mwapenga? Munthu wa sitiroko, lumo pakhosi panu?"

"Mabaluni atatu apulumuka. Ine khungu langa n'lolimba kuposa baluni."

Ndinakana, ndinakalipa, ndinati ndiwauza achemwali awo. Sanandimvere. Lamlungu m'mawa ananyamula mpando wa pa tebulo, nauika pakhonde pamene pali kuwala, nakhala, nadzikulunga thaulo m'khosi.

"Apongozi, kasitomala wafika."

Ababa anatuluka atavala malaya oyera, atamanga mabatani onse okha. Anayang'ana ndevu za amuna anga, nazigwira ndi zala kuti amve kumene zagonera. Anakoleka lamba pa chitsulo cha windo n'kuyamba kunola lumo, kupita ndi kubwera, phokoso limene ndinakula nalo. Anandituma thaulo lofunda, naliphimba pa nkhope ya amuna anga. Kenako anatenga burashi.

Thovu litakwana, amuna anga analankhula milomo ili yoyera.

"Mkazi wanga, zikavuta, masipanala anga upatse mng'ono wanga. Koma jeke asatenge, ndi wobwereka."

"Khalani chete, amakaniko," anatero Ababa. "Kholingo likuyenda."

Anatsamira ntchafu pa mpando kuti aime bwino, ndodo atandipatsa ine. Ndi zala zakumanzere anakoka khungu la tsaya. Dzanja lamanja linakwera ndi lumo, ndipo ndinaliona likunjenjemera. Linaima m'malere. Ndinafinya ndodo ija mpaka zala zinachita dzanzi. Ababa anapuma kamodzi, kawiri, natsitsa lumo. Litangokhudza khungu, kunjenjemera kunatha.

Kwee. Mzere woyera unatseguka m'thovu kuchoka pa khutu kufika pa nsagwada. Anapukuta lumo pa thaulo. Kwee. Ankameta pang'onopang'ono, mwina katatu kuchedwa kwake poyerekeza ndi kale, ndipo kawiri anaima kuti apumitse mkono. Thovu litayamba kuuma tsaya linalo, anaviika nsonga ya burashi m'madzi n'kulitsitsimutsa. Anameta kunsi kwa mphuno atagwira mphunoyo ndi zala ziwiri. Anameta chibwano. Kenako anakweza mutu wa amuna anga ndi chala chimodzi, khosi lonse n'kukhala poyera.

Apa ndinayang'ana kumbali. Ndinkangomva kulira kwa lumo ndi mpweya wa Ababa. Mayi woyandikana nafe uja anali ataima pa mpanda ndi zovala zoti ayanike, osayanika.

"Tamaliza," anatero Ababa.

Amuna anga anatsegula maso, nadzisisita khosi, nayang'ana m'manja. Munalibe ngakhale kadontho ka magazi. Ndinawapatsa galasi. Anatembenuza nkhope uku ndi uku, kenako analumpha pa mpando, thaulo likugwa.

"Mayi inu, bwerani mudzagwire! Bwerani! Ngati mwana wakhanda!"

Mayi uja anaponya zovala m'beseni n'kuyamba kuwomba m'manja, akufuulira amuna ake kuti atuluke adzaone. Ine ndinangokhala pansi pakhonde pomwepo, ndodo ili pa miyendo, ndikulira mokweza ngati kamwana, osachita manyazi. Amuna anga anagwira dzanja lamanja la Ababa ndi manja awiri n'kuligwedeza, ndipo Ababa anawafinya mpaka anati, "Mayo, apongozi, ndigwira bwanji ntchito mawa?"

Ababa anapinda lumo modekha, natsuka zida zawo zonse, natsanulira madzi m'maluwa. Atabwerera pakhonde anaima n'kumayang'ana msewu, kumene anthu ankadutsa ndi njinga ndi zikwama. Chidwalire anali asanapondeko, kupatula polowa m'galimoto yopita kuchipatala.

"Iwe, leka kulira," anatero. "Nsapato zanga zakuda zili kuti?"

"Mukupita kuti, Ababa?"

"Kukayenda. Ndikaone mitu imene anthu akuyenda nayo masiku ano."

Ndinakazitenga, ndinazipukuta fumbi, iwo n'kumanga zingwe okha. Tinatuluka atatu pa geti, Ababa pakati, amuna anga chibwano chili m'mwamba kuti aliyense achione. Tisanafike pa mphambano anthu anayi anali atatiimitsa kale, ndipo aliyense Ababa anamuyankha moni ndi pakamwa pawo.